Munda wa pansonga ya chala

Tambasulani dzanja pamalo owala, abale anga, muyang'anitsitse nsonga ya chala cha mkombaphala. Muona timizere tokhotakhota, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pali kakhwawa. Umenewu ndi munda, wolimidwa munthu akadali m'mimba mwa mayi ake, ndipo kayalidwe ka mizere yake sikasintha mpaka ukalamba. Kuchoka pamsana pa mzere umodzi kufika pamsana pa unzake pali pafupifupi theka la milimita basi.

Amene munakalembetsa chiphaso cha unzika mu 2017, chaka chimene bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni, mukukumbukira mmene zinkayendera. Munkasanjika zala pakagalasi kowala, wolembayo n'kukuuzani kuti mutsindike pang'ono, kapena mupukute kaye thukuta. Tsopano kwabwera makina ena amene safuna kuti chala chigunde pena paliponse. Kampani ya IDEMIA ya ku France ili ndi makina otchedwa MorphoWave: munthu amangodutsitsa dzanja pampata, zala zinayi n'kujambulidwa sekondi isanathe. Makampani ena, monga Tech5 ndi Veridium, anapanga mapulogalamu oti kamera ya foni izigwira ntchito yomweyo. Chidwi pa makinawa chinakula mu 2020, nthawi ya Covid-19, anthu atayamba kuopa galasi limene aliyense wagwirapo. Mu 2023 bungwe la UIDAI, loyendetsa kaundula wa Aadhaar wa anthu oposa biliyoni imodzi ku India, linagwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya IIT Bombay kuti apange njira yojambulira zala ndi foni mosakhudza.

Ubwino wake sufuna kufotokoza kwambiri. Palibe galasi loti lide kapena kukalika, anthu amadutsa msanga, ndipo wolembetsa anthu kumudzi angathe kungonyamula foni m'thumba m'malo mwa chikwama cholemera. Vuto lagona pa chithunzicho. Chala chojambulidwa chili m'malere chimavuta kuti mizere yake ituluke bwino, ndipo nzeru zambiri za akatswiri zikuthera pamenepa.

Tiyambe ndi chimene kompyuta imafuna pachithunzipo. Siilabadira kukula kwa chala kapena mtundu wa khungu. Mukayenda m'munda mwanu mumadziwa kuti apa mzere unathera panjira chifukwa cha chitsa, apo unagawika pawiri kuti uzungulire mwala. Pachala zilinso choncho: pali malo pamene mzere umathera, ndi malo pamene umachita mphanda. Francis Galton wa ku England analemba za timalo timeneti m'buku lake la mu 1892, ndipo mpaka lero makina ambiri amadalira tomweto. Kompyuta imalemba pamene kalikonse kali ndi kumene mzere ukuloza pamalopo. Chala chimodzi chimakhala ndi timalo totere makumi angapo. Mwaona tsono kuopsa kwa chithunzi choipa: mthunzi ukadula mzere pakati, kompyuta ilemba kuti mzere wathera pamenepo, chonsecho sunathe. Mizere iwiri ikalumikizana chifukwa cha chimbuuzi, ilemba mphanda imene kulibe.

Makina a galasi aja amapewa zambiri mwa izi ndi nzeru yophweka. Tengani thabwa lalitali muligoneke chopingasa pamizere ya m'munda. Ligunda misana yokha, makwawa osawakhudza. Mukalidzutsa, dothi lamatirira pamene panali msana uliwonse, pena ponse pali mbee. Galasi la makina limachita chimodzimodzi. Pansi pake pali nyale yowalitsa chopendekera. Pamene khungu silinagunde galasi, kuwala kumabwerera konse kupita ku kamera, ndipo pamene msana wa mzere wagunda, kuwala kumamwazika. Chotuluka ndi chithunzi cha mizere yakuda bii pamalo oyera, chala chili pamtunda umodzimodzi kuchokera ku kamera tsiku lililonse, chitaphwatalala, chosagwedezeka. Galasi limodzi lomwelo limathetsa nkhani zinayi: kusiyanitsa msana ndi khwawa, mtunda, kupindika kwa chala, ndi kunjenjemera kwa dzanja. Mukalichotsa, zinayi zonsezi zimabwerera, ndipo iliyonse imafuna mankhwala akeake.

Yoyamba ndiyo yaikulu. Kamera yosakhudza ili ngati munthu amene waima pachulu kuyang'ana munda umene sanapondemo. Dothi la pamsana ndi la m'khwawa ndi lamtundu umodzi. Masana dzuwa lili paliwombo, munda wonse umaoneka ngati bwalo losalala, mizere yosawerengeka. Koma bwerani m'mamawa dzuwa likungotuluka, kapena chakumadzulo likupendeka. Msana uliwonse umawala mbali imodzi n'kuponya mthunzi m'khwawa, ndipo mungathe kuwerenga mizere mpaka kumalire. Munda ndi womwewo, maso ndi omwewo, chasintha ndi kumene kuwala kukuchokera. Pachala, msana ndi khwawa ndi khungu limodzi, mtundu umodzi, ndipo kuya kwa khwawa ndi kagawo kakang'ono ka milimita. Wopanga makina akaika nyale pafupi penipeni ndi kamera, wapanga dzuwa la masana. Akaisunthira pambali kuti kuwala kufike chopendekera, wapanga dzuwa la m'mawa.

Mlimi wa maso akuthwa afunsa pomwepo: nanga mizere yoloza kum'mawa, kumene dzuwa likuchokera? Funso lake n'loona. Dzuwa limalowa m'makwawa ake molunjika, mthunzi osaoneka. M'munda izi sizivuta chifukwa mizere yambiri imaloza kumodzi, koma pachala imazungulira, ina imakwera, ina imapingasa. Nyale imodzi ya pambali imaonetsa bwino mizere yopingasana nayo n'kubisa yotsatana nayo. N'chifukwa chake makina abwino amakhala ndi nyale zingapo mbali zosiyana. Ena amaziyatsa imodziimodzi mofulumira kwambiri, n'kujambula chithunzi pa nyale iliyonse. Poyerekeza mithunzi ya zithunzizo, kompyuta imawerengera kutsetsereka kwa khungu pamalo alionse, n'kupeza msana ndi khwawa malinga ndi kukwera kwake, osati mtundu wake. Ajay Kumar ndi anzake pa Hong Kong Polytechnic University agwira ntchito yambiri pa njira imeneyi.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi mbali yake, ndipo izi mungathe kudziyesera usiku uno. Tsekani tochi ya foni ndi chala, muona chala chonse chikuyaka mofiira. Khungu si khoma. Kuwala kumalowa mkati, n'kuzungulirazungulira m'minofu, kenako n'kutulukira pena. Kofiira ndiko kumalowa kwambiri, ndipo potuluka kumawalitsa makwawa kuchokera pansi, mithunzi ija n'kuzilala. Kwa buluu ndi kobiriwira sikupita patali, kumabwerera kuchokera pamwamba pa khungu pamene pali mizere. Mukaona makina ojambula zala akuwala buluu kapena mobiriwira, si zokongoletsa. Ena amaikanso sefa ya kuwala kutsogolo kwa nyale ndi ina kutsogolo kwa kamera. Kuwala kobwerera pamwamba pa khungu kumasunga kayendedwe kamene kanali nako pochoka pa nyale, pamene kolowa m'minofu kumatuluka kutasokonezeka, choncho sefa yachiwiri imalola koyambako kudutsa n'kuchepetsa kwinako.

Foni ilibe mwayi wonsewu. Nyale yake ndi imodzi, yoyera, yokhala pambali penipeni pa kamera. Opanga mapulogalamu amaiyatsabe, chifukwa pafupi chonchi imaposa kuwala kwa m'chipinda ndipo imathandiza kuti chithunzi cha lero chifanane ndi cha mawa. Koma chala chikakhala ndi thukuta kapena mafuta odzola, pakati pake pamanyezimira mpaka mizere kuzimiririka, pamalo pomwe pali timalo tambiri tofunika. Padzuwa la kunja ndiye nyale ya foni imagonja.

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani yatha kamera ikakhala ya timadontho tambiri. Tiwerengere limodzi. Muyezo umene FBI ya ku America inakhazikitsa, ndipo maiko ambiri amautsata, ndi timadontho 500 pa inchi, kutanthauza pafupifupi 20 pa milimita. Pamuyezo umenewu, kuchoka pamzere kufika pa unzake pamakhala timadontho 9 kapena 10. Kamera ya foni ya timadontho 12 miliyoni ili ndi 4,000 m'litali mwa chithunzi. Ikamaona malo otalika masentimita 10, ndiye kuti milimita iliyonse yalandira timadontho 40, kuwirikiza kawiri zimene FBI imafuna. Timadontho tilipo tokwanira. Chimene chimasowa ndi kuti kadontho kalikonse kanyamule chinthu chooneka bwino.

Kamera ikayandikira chinthu, mpata umene zinthu zimaoneka zakuthwa umachepa kwambiri, nthawi zina kufika pa mamilimita owerengeka. Zala zinayi sizikhala pamtunda umodzi. Chapakati chimatsogola, chaching'ono chimatsalira, ndipo chala chilichonse pakati pake n'pafupi kuposa m'mbali. Makina okhazikika amachepetsa kabowo kolowera kuwala kuti mpatawo ukule, kenako n'kuwonjezera mphamvu ya nyale kubwezera kuwala kotayika. Foni zambiri sizisintha kabowoka. Mapulogalamu ake amajambula zithunzi zambiri motsatizana, n'kuyeza kuthwa kwa chilichonse pachala chilichonse, n'kusankha chabwino. Amauzanso kamera kuti ilunjike pansonga za zala, chifukwa ikasiyidwa yokha imakonda kulunjika pakhoma kapena pamtengo wa kumbuyo.

Kugwedezeka kumawononga mofanana. Tiyerekeze kuti dzanja likudutsa pamakina pa liwiro la theka la mita pa sekondi. Kamera ikatsegula diso kwa gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, chala chikhala chitayenda mamilimita 5, mizere khumi yathunthu, ndipo chithunzi chidzangokhala phala. Kuti chala chisayende kuposa kadontho kamodzi, diso liyenera kutseguka kwa gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. M'kanthawi kotere mumalowa kuwala kochepa zedi, choncho nyale iyenera kuthwanima mwamphamvu nthawi yomweyo. Mwaona kuti nkhani zonsezi zikubwerera pa nyale.

Tibwerere pachulu paja. Mizere ya pafupi ndi inu imaoneka yotalikirana, ya kutali imaoneka yothinana, ngakhale mlimi anaiyeza ndi chingwe chimodzi. Chala chojambulidwa pamtunda wa masentimita 10 lero ndi 12 mawa chimatuluka ndi misinkhu iwiri yosiyana, ndipo mitunda ya pakati pa timalo tija imasintha yonse. Makina okhazikika amathana nazo pochepetsa mpata wodutsamo dzanja, kapena poyeza mtunda ndi makamera awiri. Foni imajambula malire pasikirini kuti muikemo zala, kenako pulogalamu imawerenga kutalikirana kwa mizere n'kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzi mpaka mizereyo itatalikirana timadontho pafupifupi 9. Nzeru imeneyi imathandiza, koma ili ndi chilema. Anthu sanalimidwe ndi chingwe chimodzi. Mizere ya ana ndi ya amayi ambiri ndi yothinana kuposa ya abambo a manja aakulu, ndipo pulogalamu yokakamiza onse kukhala pamuyezo umodzi imalakwitsa msinkhu wa ena.

Kenako pali kupindika. Munda wa pachala suli pachidikha. Unalimidwa mozungulira phiri, ndipo kamera imaona bwino pamwamba pokha. Mizere yotsikira m'mbali imaoneka ikuthinana mpaka kusowa. Pamene khungu lapendeka madigiri 60, mizere imaoneka yotalikirana theka la mmene ilili. Njira yotsika mtengo ndi yoti kompyuta iyerekeze kuti chala ndi chobulungira mofanana ponseponse, n'kutambasula m'mbalimo mwa masamu. Zala zenizeni si zobulungira choncho, ndiye kutambasulako kumaposa pena n'kuperewera pena. Njira yodula ndi yoyeza thupi la chalacho. Kampani ya TBS ya ku Switzerland inapanga makina a makamera angapo ozungulira chala. Ena amawalitsa timizere ta kuwala pachala, n'kuona mmene tapindikira, n'kuwerengera kukwera ndi kutsika kwa khungu. Thupi la chala likadziwika, kompyuta imaliyala pansi bwinobwino, ndipo chithunzi chake chimatha kukhala chotambalala kuposa cha chala chongotsindikidwa pagalasi.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Chithunzi cha pagalasi nacho si chala chenicheni. Khungu likatsindikidwa limatambasuka, mizere n'kusuntha pang'ono. Tinganene kuti chithunzi chosakhudza ndicho chimaonetsa chala mmene chilili. Koma makaundula a maiko, kuphatikizapo wathu, anadzazidwa ndi zidindo za pagalasi, ndipo polisi ya maiko ambiri imasunga ngakhale za inki. Makina atsopano ayenera kulankhula chinenero cha akalewo. Chithunzi chiyenera kutembenuzidwa, popeza kamera imaona chala chakumaso pamene chidindo ndi chotsalira chake, kumanja kuli kumanzere. Pena chiyenera kusinthidwa kuti misana ikhale yakuda ndi makwawa oyera. Kenako chipindidwe motsanzira khungu lotsindikidwa. Gulu la Anil Jain pa Michigan State University linatulutsa mu 2021 njira yotchedwa C2CL yochita ntchito imeneyi: kupatula chala pachithunzi, kuwalitsa mizere, kukonza msinkhu, ndi kutsanzira kutambasuka kwa khungu.

Tafika tsono pa ntchito ya pulogalamu chithunzi chikajambulidwa, ndipo apa ndikufuna tikhalitsepo. Ntchito yoyenera ya pulogalamu ndi kupalira. Mizere ilipo kale, udzu ndiwo waibisa. Poyamba pulogalamu imachotsa zonse zosakhala chala: khoma, malaya, nkhope ya munthu wodutsa. Kenako imasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera, n'kuchigawa m'timabwalo ting'onoting'ono. M'kabwalo kalikonse, powala pang'ono amapawalitsa, pakuda pang'ono amapadetsa, kuti mbali imene inali mumthunzi ifanane ndi imene inali pakuwala. Pomaliza pamabwera sefa imene Lin Hong, Yifei Wan ndi Anil Jain anafotokoza mu 1998, yogwiritsa masamu a Gabor. Pamalo alionse imayamba yafufuza kumene mizere ikuloza ndi kutalikirana kwake, kenako n'kulimbikitsa chilichonse choyenda motero ndi kufooketsa zotsala. Ndi mmene wopalira amachitira: amatsata mzere, khasu lake silidula chopingasa.

Ngakhale sefa yakale imeneyi ili ndi ngozi yake. Mukaipatsa malo opanda mzere uliwonse, chimbuuzi chokhachokha, imatulutsabe timizere, chifukwa ndicho chokha imadziwa. Mapulogalamu a masiku ano, ophunzitsidwa ndi zidindo zankhaninkhani, ali ndi luso loposa pamenepa. Angathe kutenga chithunzi chosaoneka n'komwe n'kubweza chidindo chokongola, mizere yosalala yopanda podukira. Apa wopalira wasiya kupalira, wayamba kupanga mizere yake. Taganizani mkangano wa malire pakati pa mabanja awiri. Mvula yakokolola mbali ina ya munda, ndipo munthu waluso wabwera usiku n'kukonzamo mizere mmene iye akuganizira kuti inalili. M'mawa munda ukuoneka bwino kuposa kale, koma sungakhalenso umboni pabwalo la amfumu. Pulogalamu yodzaza mpata pachala imatenga zimene inaona pa zala za anthu ena. Mphanda imene yaikapo ingathe kukhala yooneka mwachilengedwe kotheratu, koma si yanu.

Zotsatira zake zimagwera munthu. Ngati chidindo chokongoletsedwacho ndicho chalowa m'kaundula, mwini chala adzabwera tsiku lina ndi chala chake chenicheni, makina n'kumukana. Akhoza kukhala gogo wodzatenga ndalama kubanki, kapena mayi wa pamzere wa chithandizo. Ngati ndi nkhani ya polisi, timalo tongopeka tingathe kuyandikitsa munthu wosalakwa ku mlandu. Ine ndimaona kuti chithunzi chokhala ndi mpata woonekera n'chabwino kuposa chodzazidwa mongoganizira, chifukwa mpata umauza aliyense kuti apa sitinaone. Makina akhale ndi khalidwe lonena kuti jambulaninso, m'malo mobisa kulephera kwawo. Chithunzi choyambirira, chisanakonzedwe, chizisungidwa pambali pa chokonzedwacho kuti katswiri adzathe kuyerekeza. Bungwe la NIST, loona za miyezo ku America, limalangizanso kuti chidindo chojambulidwa mosakhudza chizilembedwa kuti n'chotero, chisasakanikirane mwakachetechete ndi za pagalasi.

Nanga ubwino wa chithunzi amauyeza bwanji? NIST yomweyo inatulutsa mu 2004 pulogalamu yotchedwa NFIQ, yopereka malikisi kuyambira 1, chabwino kwambiri, mpaka 5. Yolowa m'malo mwake, NFIQ 2, imapereka kuyambira 0 mpaka 100. Malikisiwa sanena za kukongola. Amalosera ngati chidindocho chidzagwirizane ndi chinzake cha chala chomwecho. Koma NFIQ 2 inaphunzitsidwa ndi zidindo za zala zotsindikidwa, ndipo pa zithunzi zosakhudza malikisi ake sadalirika mofanana. Akatswiri a pa Hochschule Darmstadt ku Germany, Jannis Priesnitz ndi Christoph Busch pamodzi ndi anzawo, anaiphunzitsanso ndi zithunzi zonga za foni n'kuitcha MCLFIQ. Chimodzi chimene chinaonekera n'chakuti pa zithunzi za foni kuthwa kwa chithunzi kumalemera kwambiri polosera ubwino wake. NIST itayesa makina osiyanasiyana mu 2019, inapeza kuti zidindo za pagalasi zinkagwirizanabe bwino kuposa zosakhudza, ndipo kugwiritsa zala zingapo nthawi imodzi kunkakweza kwambiri zotsatira za makina osakhudza. Ndicho chifukwa chake ambiri a iwo amapempha zala zinayi. Chimodzi chikatuluka moipa, zitatu zimachichirikiza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi eni zala zimene makinawa amaphunzirirapo. Zithunzi zambiri zimene ofufuza amagawana zinasonkhanitsidwa m'masukulu a ukachenjede, monga a ku Hong Kong, Delhi ndi West Virginia. Chala cha wophunzira chili ngati munda wongobandira kumene, misana yake yatukuka. Chala cha munthu wogwira khasu, woumba njerwa, wokanda simenti kapena wochapa tsiku ndi tsiku chili ngati munda wa kumapeto kwa dzinja, mvula itaphwasula misana, ndipo ming'alu yadula mizere chopingasa. Cha okalamba chimasalalanso, khungu likamapyapyala. Ku India anthu ogwira ntchito za manja ndi okalamba avutika ndi makina a Aadhaar pa chifukwa chomwechi. Msana ukafupika, mthunzi wake umafupikanso, ndipo apa ndi pamene pulogalamu imayesedwa kwambiri kuti ipeke. Palinso gawo lodula chala pachithunzi. Mapulogalamu ena akale ankazindikira chala potsata mtundu wa khungu, ndipo pulogalamu yozolowera khungu la mtundu umodzi ingathe kudula molakwika m'mphepete mwa chala cha munthu wa khungu lina.

Sindikufuna muganize kuti kamera ndi yotsalira pa zonse. Chala chouma kwambiri, monga zimakhalira m'miyezi yozizira ya June ndi July, sichigwira bwino galasi, ndipo mizere imatuluka yodukaduka. Chonyowa chimadzaza makwawa ndi madzi, chithunzi n'kuda chonse. Kamera siidalira kugunda, choncho chala chouma sichiivuta motero. Kwa makanda ndiye kusiyana n'kwakukulu. Khungu lawo n'lofewa moti kungolitsindika pang'ono mizere imaphwanyika. Ofufuza a pa University of California San Diego anayesa makina osakhudza pa makanda m'chipatala cha ku Tijuana ku Mexico, pofuna njira yozindikirira mwana pa nkhani ngati katemera, ndipo anaona kuti kusatsindika chala kumasunga timizere tating'onoto.

Luso lomweli lili ndi mbali ina yofunika kuidziwa. Mu December 2014, pamsonkhano wa Chaos Computer Club ku Hamburg, Jan Krissler anaonetsa chidindo cha chala chachikulu cha Ursula von der Leyen, amene panthawiyo anali nduna ya chitetezo ya Germany, chimene anachipanga kuchokera pa zithunzi wamba zojambulidwa iye akulankhula pagulu. Kamera yotha kuwerenga mizere pamakina a boma ingathenso kuiwerenga m'manja mwa wakuba. Makina osakhudza ayenera kuzindikiranso ngati chimene chaikidwa patsogolo pawo ndi chala chamoyo, kapena chithunzi chosindikizidwa, kapena chala chopangidwa ndi labala. Apanso chithunzi choyambirira ndicho chimathandiza, chifukwa mtundu wa khungu, timabowo ta thukuta ndi kanyezimiridwe kake zimatayika pulogalamu ikamaliza kuyeretsa.

Tsiku limene mudzapemphedwe kuonetsa zala ku foni kapena ku makina otere, pali zochepa zimene zili m'manja mwanu. Pukutani thukuta ndi mafuta. Chokani padzuwa mukaime pamthunzi kuti nyale ya makina igwire ntchito yake. Gundanitsani zala, ziwongoke, ziyang'ane kamera chamaso osati chammbali, ndipo chigongono chitsamire pathupi kapena patebulo kuti dzanja lisanjenjemere. Kumbuyo kwa zala kusakhale nkhope kapena dzanja lina. Wojambulayo apukute diso la kamera, chifukwa foni yokhala m'thumba imadzola mafuta pamenepo. Makina akakukanani kawiri kapena katatu, musadzione ngati olakwa, funsani njira ina yotsimikizira kuti ndinu.

Zotsalazo zili kwa amene amagula makina m'malo mwa anthu, kaya ndi banki, chipatala kapena boma. Asanasaine, makinawo ayesedwe kuno, pa zala za alimi, amisiri ndi agogo, panja ndi m'nyumba, nyengo yotentha ndi yozizira. Zotuluka ziyerekezedwe ndi zidindo za pagalasi za anthu omwewo. Awerenge kuti ndi angati amene makina analephera kuwajambula n'komwe, chifukwa wogulitsa angathe kuonetsa malikisi okwera atasiya kuwerengera anthu amenewa. Ndipo afunse kuti aone chithunzi choyambirira ndi chokonzedwa, ziwirizo zitaikidwa pamodzi, pachala chimene mizere yake inafufutika.